Test yadutsa, koma yankho lolondola munalitenga kuti? Kayezedwe ka zotsatira ndi spec sitepe ndi sitepe

Pali chizolowezi china chimene chimagwira anthu ambiri olemba mapulogalamu makamaka ntchito ikathina: munthu walemba function, wayiyendetsa, yatulutsa 6950, nde amangokopera 6950 yomweyo n'kuyiika mu test ngati yankho loyembekezeka, test n'kudutsa, zonse gilini, munthu n'kuweruka mtima uli m'malo. Koma taonani bwino, test imeneyo sinayeze kalikonse, yangofunsa code ngati ikugwirizana ndi iyo yomwe. Zili ngati wogulitsa chimanga amene sikelo ndi yake, mwala woyezera ndi wake, wotsimikizira kuti sikelo ili bwino ndi iye yemwenso. Ngati function ija inali yolakwika kuyambira pachiyambi, tsopano test ikulondera cholakwikacho, ndipo tsiku limene mnzanu adzakonze code test ndi imene idzamukalipire.

Yankho lolondola liyenera kuchokera kwina, osati mu code imene mukuyeza, ndipo kwinako ndi spec. Ndikati spec sindikunena zija za "pulogalamu izigwira bwino ntchito komanso izikhala yachangu", ayi, ndikunena malamulo olembedwa mwamasamu moti kompyuta ikhoza kuyang'ana zotsatira n'kunena kuti eya kapena ayi popanda kufunsa munthu. Maganizo amenewa si a dzulo, Tony Hoare anawayala mu 1969: unene zimene ziyenera kukhala zoona code isanayende, unene zimene ziyenera kukhala zoona ikatha kuyenda. Bertrand Meyer anadzaziika mkati mwa chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Eiffel m'ma 1980. Inu simukufunika Eiffel kapena digiri ya masamu, Python ndi pepala zikwana.

Chitsanzo chathu chikhala function yotumiza ndalama pakati pa maakaunti awiri, ngati zimene zimachitika pa foni mukamatumizira amayi kumudzi. Ndasankha ndalama dala, chifukwa ndi pamene aliyense amamva kuwawa yankho likalakwika. Manambala onse ndi ongoyerekeza.

Sitepe 1: tsekani code, lembani malamulo

Tsekani fayilo ya code kaye. Izi ndikunenetsa, chifukwa maso akakhala pa code mutu umangolemba zimene code ikuchita osati zimene iyenera kuchita. Khalani ndi mwini ntchito, kaya ndi kasitomala kaya ndi wa akaunti, mufunsane mpaka lamulo lililonse limveke mbali imodzi yokha, kenako lipatseni nambala. Athu ndi awa:

L1. Kutumiza kutheke ngati ndalama zaposa 0, wotumiza ndi wosiyana ndi wolandira, ndipo balansi ya wotumiza ikukwanira ndalama kuphatikiza chaji. Chimodzi chikasowa, kukanike.
L2. Kukatheka, balansi ya wotumiza itsike ndi ndalama kuphatikiza chaji.
L3. Balansi ya wolandira ikwere ndi ndalama zija ndendende.
L4. Akaunti yosunga chaji ikwere ndi chaji.
L5. Maakaunti ena onse asakhudzidwe.
L6. Mukaphatikiza mabalansi onse, chiwerengero chikhale chimodzimodzi kutumiza kusanachitike ndiponso kutachitika.
L7. Pasapezeke balansi yotsika kuposa 0.
L8. Kukakanika, pasasinthe kanthu olo tambala imodzi.

L1 ndi imene amati precondition, zoyenera kukhala zoona code isanayende, L2 mpaka L5 ndi postcondition, zoyenera kukhala zoona ikatha kuyenda, L6 ndi L7 ndi invariant, zinthu zimene siziyenera kusweka nthawi ina iliyonse. L5 ndi L8 ndi amene anthu amaiwala kwambiri chifukwa amanena zimene siziyenera kuchitika, ndipo mutu wa munthu umathamangira zimene ziyenera kuchitika.

Yesani spec yanu chonchi musanapite patsogolo: dzifunseni kuti kodi ndingalembe function yopusa kwambiri imene ingadutse malamulo onsewa? Chitsanzo chodziwika ndi cha function yosanja manambala. Mukangolemba kuti "zotuluka zikhale zosanjika kuyambira yaing'ono kufika yaikulu", function imene imangobweza mndandanda wopanda kanthu nthawi zonse yadutsa, imene imabweza 1, 2, 3 kaya mwaipatsa chiyani yadutsanso. Pafunika lamulo lachiwiri loti manambala otuluka akhale omwe aja analowa, iliyonse kangapo komwe inalowa. Kwathu kuno n'chimodzimodzi, mutachotsa theka la L1 loti zonse zikakwanira kutumiza kutheke, function imene imakana aliyense ikhala yangwiro pamaso pa spec.

Za mawu: ngati spec mukuitenga m'zikalata za intaneti za mtundu wa RFC, samalani ndi MUST (chokakamiza), SHOULD (cholangizidwa) ndi MAY (chololedwa), matanthauzo ake anakhazikitsidwa mu RFC 2119 mu 1997. Test igwe pa MUST basi. Mukaigwetsa pa SHOULD mudzakangana ndi anthu amene sanalakwe.

Sitepe 2: gwirizanani za miyezo

Sitepe iyi ndi yaifupi koma musaidumphe. Ndalama zili mu kwacha kapena mu tambala? Lembani mu spec, ndipo ine ndinganene kuti sungani mu tambala ngati nambala yathunthu, K10,000 ikhale 1000000. Chifukwa chake tsegulani Python mulembe 0.1 + 0.2, ikupatsani 0.30000000000000004, nde L6 ija izingogwa popanda wolakwa kapena, choipa kwambiri, muyamba kuifewetsa kuti "bola zikuyandikana" mpaka idzalephere kuona tambala zikusowa.

Mars Climate Orbiter ya NASA, chombo chimene chinatumizidwa ku Mars, inatayika pa 23 September 1999 pa nkhani ngati yomweyi. Chikalata chogwirizana chinanena kuti manambala a mphamvu ya mainjini aperekedwe mu newton-second, koma pulogalamu ina ya pansi pano imawatulutsa mu pound-force second, kusiyana kwake pafupifupi ka 4.45. Spec inalipo ndipo inali yolondola, chimene chinasowa ndi kutenga zotuluka n'kuziika pambali pa spec.

Sitepe 3: sandutsani malamulo kukhala woweruza

Tsopano lembani function ina yapadera imene ntchito yake ndi kuweruza basi. Anthu a ma test amaitcha oracle. Imalandira mmene zinthu zinalili, mmene zilili pano, ndi zimene zinapemphedwa, kenako imayang'ana lamulo lililonse.

```
def weruza(kale, pano, a, b, ndalama, chaji, yatheka):
    assert sum(pano.values()) == sum(kale.values()), "L6"
    assert all(x >= 0 for x in pano.values()), "L7"
    iyenera = ndalama > 0 and a != b and kale[a] >= ndalama + chaji
    assert yatheka == iyenera, "L1"
    if not yatheka:
        assert pano == kale, "L8"
        return
    assert pano[a] == kale[a] - ndalama - chaji, "L2"
    assert pano[b] == kale[b] + ndalama, "L3"
    assert pano["chaji"] == kale["chaji"] + chaji, "L4"
    for k in kale:
        if k not in (a, b, "chaji"):
            assert pano[k] == kale[k], "L5"
```

Onani kuti mzere uliwonse uli ndi nambala ya lamulo, kuti ikagwa musayambe kufufuza kuti chasweka n'chiyani. Onaninso kuti mulibe 6950 paliponse, woweruzayu amagwira ntchito pa manambala ena aliwonse amene mungamupatse.

Pali misampha iwiri apa. Woyamba, woweruza asaitane kachidutswa kalikonse ka code imene ikuyezedwa. Ngati function yotumiza ili ndi kothandizira kake kowerengera chaji, musakagwiritse ntchito mu weruza olo kukhale kosavuta bwanji, chifukwa kakalakwitsa kalakwitsa mbali zonse ziwiri ndipo zigwirizana bwinobwino. Ngati muli awiri pa ntchito, wina alembe code wina alembe woweruza, aliyense akuyang'ana spec yokha.

Wachiwiri ndi wobisika kwambiri: kale iyenera kukhala kope lenileni lotengedwa function isanayende. Mu Python mukalemba kale = maakaunti simunakope kanthu, mwangopatsa chinthu chomwecho dzina lachiwiri, nde function ikasintha maakaunti, kale nayonso yasintha, L6 ndi L8 zizidutsa mpaka kalekale chifukwa mukuyerekeza chinthu ndi icho chomwe. Lembani kale = dict(maakaunti), kapena copy.deepcopy ngati mkati muli zinthu zina zosanjikizana.

Sitepe 4: yambani ndi zitsanzo zowerengera pamanja

Musanathamangire zida zikuluzikulu tengani cholembera. Wotumiza ali ndi K10,000, wolandira K500, akaunti ya chaji 0. Atumize K3,000, chaji K50. Spec ikuti wotumiza atsale ndi K6,950, wolandira afike K3,500, chaji K50. Kuphatikiza koyamba 10,500, kuphatikiza komaliza 6,950 ndi 3,500 ndi 50, 10,500 yomweyo. Nambala ya 6950 ndi yomwe ija, koma ulendo uno yachokera pa pepala.

Kenako pitani m'malire, ndi kumene ma bug amakonda kukhala. Balansi ikhale K3,050 ndendende: L1 ikuti zitheke, wotumiza atsale ndi 0. Balansi ichepe ndi tambala imodzi: zikanike. Amene analemba > m'malo mwa >= agwidwa pompo. Yesani ndalama 0, yesani ndalama zotsika kuposa 0, chifukwa function imene siiyang'ana zimenezi ikapatsidwa -3,000 imabweza ndalama chakumbuyo, wotumiza n'kukhala akukoka ndalama mu akaunti ya mnzake.

Ndiye yesani kudzitumizira wekha, iyi ndimaikonda chifukwa imaonetsa ntchito ya invariant bwino kwambiri. Code yambiri imalembedwa motere: werenga balansi ya wotumiza, werenga ya wolandira, lemba yatsopano ya wotumiza, lemba yatsopano ya wolandira. Akaunti ikakhala imodzi yomweyo, kuwerenga konse kuwiri kwapereka 10,000, kulemba koyamba kwaika 6,950, kulemba kwachiwiri kwafufuta zimenezo n'kuika 13,000. Munthu anali ndi K10,000, wadzitumizira K3,000, pano ali ndi K13,000, ndipo akhoza kubwereza mpaka m'mawa. Test yongoyang'ana kuti "wolandira wakwera ndi 3,000?" idutsa mosangalala. L6 ndi imene ikuwa, chifukwa zonse pamodzi zinali 10,000 pano zafika 13,050.

Sitepe 5: lolani kompyuta ipeke zitsanzo

Zitsanzo za pamanja zimathera pamene nzeru zanu zathera, mumayesa zokhazo zimene mwaziganizira, pamene bug imakhala pa zimene simunaziganizire. Poti woweruza muli naye kale ndipo salabadira kuti manambala ndi ati, mukhoza kumuthira zitsanzo masauzande. Njira imeneyi inatchuka ndi QuickCheck, imene Koen Claessen ndi John Hughes a ku Chalmers ku Sweden anaifalitsa mu 2000 pa chilankhulo cha Haskell. Ku Python kuli Hypothesis, ku JavaScript kuli fast-check, ku Java kuli jqwik.

```
@given(
    a=st.sampled_from(MAINA), b=st.sampled_from(MAINA),
    ndalama=st.integers(-500000, 2000000),
    chaji=st.integers(0, 10000),
)
def test_tumiza(a, b, ndalama, chaji):
    maakaunti = yambitsa()
    kale = dict(maakaunti)
    yatheka = tumiza(maakaunti, a, b, ndalama, chaji)
    weruza(kale, maakaunti, a, b, ndalama, chaji, yatheka)
```

Hypothesis imayesa zitsanzo 100 mukapanda kuiuza zina, mukhoza kukweza ndi max_examples, ndipo usiku pa seva palibe chokuletsani kuika masauzande ambiri. Ubwino wake waukulu ndi woti ikapeza chitsanzo chogwetsa siikuponyerani nambala yosokoneza ngati 1873342, imachepetsachepetsa mpaka ipeze kachitsanzo kakang'ono kwambiri kamene kakugwetsabe, mwina ndalama=1, chaji=0, a ndi b dzina limodzi, ndipo ukangoona choncho vuto umalidziwa usanatsegule n'komwe code.

Chonde musasefe zolowa kuti zikhale zabwino zokhazokha. Anthu ena amauza chida kuti chizipeka ndalama zokwanira basi ndi maina osiyana basi, zikatero L8 ndi theka la L1 sizinayezedwe. Komanso yang'anani mbali inayo: ngati manambala opekedwa ndi aakulu kwambiri moti pafupifupi kutumiza konse kukukanika, nde L2 mpaka L5 sizikufikiridwa, test ikudutsa chifukwa woweruza akubwerera pa return uja nthawi zonse. Werengani kuti mwa zitsanzo zonse zingati zatheka, zingati zakanika, Hypothesis ili ndi event yothandiza kuona zimenezi.

Sitepe 6: zotsatira zasemphana ndi spec, wolakwa ndani?

Apa ndi pamene ntchito yeniyeni ili, ndipo ndi pamene anthu amafulumira. Test ikagwa pali oganiziridwa atatu: code, woweruza, kapena spec yeniyeniyo. Chinthu chimodzi chimene simuyenera kuchita ndi kusintha woweruza kuti agwirizane ndi code musanadziwe wolakwa.

Tengani kachitsanzo kakang'ono kaja, muwerengere pamanja kuchokera pa spec ya papepala, osayang'ana woweruza, osayang'ana code. Yankho lanu likagwirizana ndi woweruza, code ndi yolakwa, konzani. Likagwirizana ndi code, woweruza anamasulira lamulo molakwika, konzani iyeyo ndipo muyang'anenso mizere ina imene inalembedwa tsiku lomwelo. Koma nthawi zina mupeza kuti pepala silikuyankha, kapena likuyankha pawiri.

Mu spec yathu yomweyi muli dzenje lotere, mwina mwaliona kale. Ikani "chaji" pakati pa MAINA, mndandanda wa maina a maakaunti uja wa mu test, Hypothesis isankhe akaunti ya chaji ngati wolandira. L3 ikuti akaunti imeneyo ikwere ndi 3,000. L4 ikuti akaunti yomweyo ikwere ndi 50. Palibe code pa dziko lapansi imene ingakwaniritse zonse ziwiri. Apa musakhale pa kompyuta n'kusankha nokha, bwererani kwa mwini ntchito mufunse kuti kodi munthu aziloledwa kutumiza ku akaunti ya chaji? Akati ayi, onjezerani ku L1. Akati eya, L3 ndi L4 zilembedwenso kuti pa nkhani imeneyi akaunti ikwere ndi 3,050. Yankho lililonse ndi labwino bola lalembedwa ndipo wanena ndi mwini wake, osati wolemba code ali yekha 11 koloko usiku.

Spec ikhozanso kukhala yolondola dzulo koma yolakwika lero. Roketi ya Ariane 5 inasweka pa ulendo wake woyamba pa 4 June 1996, masekondi pafupifupi 40 itanyamuka ku Kourou. Code ya chida choyezera kayendedwe inatengedwa ku Ariane 4, kumene nambala ina yokhudza liwiro la cham'mbali inali yodziwika kuti singakule kupitirira malo aang'ono osungira nambala a 16-bit. Ariane 5 imathamanga mosiyana, nambala ya 64-bit ija inakula, kuisandutsa 16-bit kunakanika, makompyuta onse awiri, yeniyeni ndi yodikirira, anazima pa chifukwa chimodzi. Code inachita zimene inalembedwera, koma zimene ankaganiza za Ariane 4 sanaziyezenso ndi njira ya roketi yatsopano. Nde mukamatenga code yakale kuika mu pulojekiti yatsopano, tengani ndi ma precondition ake, muyang'ane limodzilimodzi ngati akadali oona kumalo kwatsopanoko.

Sitepe 7: yezani woweruza mwini wake

Woweruza amene sanagwetsepo kanthu simungamukhulupirire. Iwonongeni code dala muone ngati aluma. Sinthani >= kukhala >. Chotsani mzere wowonjezera chaji. Sinthani + kukhala -. Chotsani choletsa kudzitumizira. Kusintha kulikonse yendetsani ma test, ndipo payenera kugwa china chake. Mukawononga code koma zonse n'kukhalabe gilini, mwapeza malo amene palibe akuwalondera, mwina lamulo likusowa mu spec kapena zitsanzo sizikufika pamenepo.

Zimenezi amati mutation testing ndipo zida zochitira zokha zilipo, mutmut ku Python, PIT ku Java, Stryker ku JavaScript. Ine ndimaona kuti nambala ya coverage imanamiza anthu kwambiri, 100% imangonena kuti mzere uliwonse unayendetsedwa, siinena kuti wina anayang'ana zimene unatulutsa. Chiwerengero cha zowononga zimene zagwidwa chimanena zambiri kuposa pamenepo.

Sitepe 8: yezani mbiri yonse, osati kutumiza kumodzi

Zonse tachitazi ndi za kutumiza kumodzi pa nthawi imodzi. Koma pulogalamu yeniyeni imalandira zopempha zambiri nthawi imodzi, ndipo netiweki imaduka pakati. Munthu ali ndi K10,000, zopempha ziwiri za K6,000 zafika limodzi, zonse zawerenga balansi 10,000, zonse zaona kuti ikukwanira, zonse zatheka. Chilichonse pachokha chikuoneka bwino, koma pamodzi munthu watumiza K12,000 imene analibe. Kapena izi: foni yatumiza pempho, seva yachotsa ndalama, yankho lasochera panjira, foni yatumizanso. Apa pakufunika lamulo latsopano, L9: pempho lililonse likhale ndi nambala yake, ndipo nambala imodzi ichitidwe kamodzi kokha olo ifike kakhumi.

Kuti muyeze zimenezi, lembani kachitsanzo kosavuta ka dongosolo lonse, dict imodzi yochita zinthu chimodzichimodzi motsata spec, yopanda database yopanda netiweki. Kenako pekani mndandanda wa zochita, kutumiza, kuika, kutapa, kubwereza pempho lakale, muziyendetse pa pulogalamu yeniyeni ndi pa kachitsanzo kaja, n'kumayerekeza mabalansi pambuyo pa chochita chilichonse. Hypothesis ili ndi RuleBasedStateMachine yopangidwira zimenezi. Pa zochitika nthawi imodzi, sungani mbiri ya nthawi imene pempho lililonse linayamba, nthawi imene linatha ndi yankho lake, ndiye funso likhale loti kodi pali ndondomeko ina iliyonse yochitira zimenezi chimodzichimodzi imene ingapereke mayankho omwewa? Pa zopempha ziwiri za K6,000 zija palibe, chimodzi chinayenera kukanika. Umu ndi mmene Jepsen, pulogalamu yoyezera ya Kyle Kingsbury, imayezera ma database, ndipo yapeza mavuto mu ambiri otchuka amene eni ake ankati ali bwino.

Ngati dongosolo lanu lili ndi maseva angapo olankhulana, apa ndi pamene TLA+ ya Leslie Lamport, chilankhulo cholembera spec mwamasamu, imayamba kulipira nthawi yoiphunzira. Mumalemba spec ya kapangidwe, chida chake chotchedwa TLC n'kuyendera njira zonse zimene zinthu zingatsatizane m'kadongosolo kakang'ono. Mainjiniya a Amazon Web Services anayamba kuigwiritsa ntchito mu 2011, ndipo anadzafotokoza kuti mu database yawo ya DynamoDB inawapezera bug imene imafuna zochitika 35 zotsatizana mwa ndondomeko inayake kuti ioneke, itadutsa kale pa kuwunika kwa anthu ndi ma test ambirimbiri. Kwa ka pulogalamu ka seva imodzi ndi database imodzi sindingakukakamizeni, RuleBasedStateMachine ndi ma transaction olembedwa bwino zikufikitsani patali.

Dziwaninso polekezera ma test. Edsger Dijkstra ananena kalekale kuti kuyesa kumaonetsa kuti ma bug alipo, sikungaonetse kuti palibe. Timsort, njira yosanjira imene Tim Peters analembera Python mu 2002 n'kudzatengedwanso ndi Java ndi Android, inagwira ntchito zaka zambiri pa makompyuta osawerengeka. Mu 2015 ofufuza ena akuyesa kutsimikizira mwamasamu ndi chida cha KeY kuti ndi yolondola, anapeza kuti invariant ina ya mkati siimasungidwa nthawi zonse, ndipo ku Java mndandanda wa zinthu pafupifupi 67 miliyoni wokonzedwa mwapadera umaigwetsa. Palibe test yopeka mwachisawawa imene ikanafika pamenepo. Chimene mungatengepo pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi choti invariant za mkati muziziyang'ana mkati momwemo ndi assert pa nthawi ya ma test, osangodikira yankho lomaliza, chifukwa invariant imatha kusweka pa zolowa zazing'ono kale yankho lisanayambe kuoneka lolakwika.

Sitepe 9: sungani zimene mwapeza

Pangani tebulo losavuta, olo mu spreadsheet: lamulo, ma test amene amaliyeza, zowononga zimene zinagwidwa nalo, tsiku limene linasinthidwa komaliza ndi amene anavomereza. Mzere wopanda test ndi ntchito yotsala. Test yopanda lamulo ifunseni kuti ikuyeza chiyani, kawirikawiri ndi zija zokopera zotuluka. Anthu olemba mapulogalamu a ndege amakakamizidwa kulondoloza chonchi ndi malamulo a DO-178C, inu palibe akukukakamizani koma mphindi zake ndi zochepa.

Chitsanzo chilichonse chimene chinagwetsapo code chikhale test yokhazikika. Hypothesis imasunga zogwetsa mu foda ya .hypothesis koma foda imeneyo nthawi zambiri siilowa mu git ndipo pa seva ya CI, yoyendetsa ma test yokha, imatha kufufutika, nde lembani chitsanzocho ndi @example pamwamba pa test kuti chiziyesedwa ulendo uliwonse. Spec nayo ikhale mu git momwemo pafupi ndi code, osati mu imelo ya munthu, ndipo pull request (pempho lolowetsa zosintha mu code) yosintha woweruza isavomerezedwe ngati siikuonetsa mzere wa spec umene wasintha.

Polemba lipoti la bug ikani zinthu zinayi: nambala ya lamulo losweka, zolowa zazing'ono kwambiri zogwetsa, zimene spec ikuti zituluke, ndi zimene zatuluka. Mwachitsanzo, "L6, wotumiza ndi wolandira akaunti imodzi, balansi 1000000, ndalama 300000, chaji 5000, zonse pamodzi ziyenera kukhala 1000000, zatuluka 1305000." Ngati mwapeza kuti ndi spec imene ili ndi dzenje, lipotilo lipite kwa mwini ntchito osati kwa wolemba code, ndipo test yake muiike chizindikiro cha xfail, chonena kuti ikuyembekezeka kugwa, ndi nambala ya lipoti mpaka yankho libwere.